Mlatho wolimba umene unagonja ndi mapazi a anthu

Pa 10 June 2000 mumzinda wa London munatsegulidwa mlatho watsopano wa anthu oyenda pansi, wodutsa pamtsinje wa Thames, dzina lake Millennium Bridge. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 325, ndipo umalumikiza dera la tchalitchi cha St Paul's ndi tsidya linalo kumene kuli nyumba ya zojambula ya Tate Modern. Anaukonza ndi mainjiniya a kampani ya Arup, mothandizana ndi akatswiri a mapulani a Foster and Partners komanso wosema Anthony Caro. Tsiku limenelo anawoloka anthu pafupifupi 90,000, ndipo nthawi zina pamlathopo pankakhala anthu okwana 2,000. Khamu litadzaza, mlatho unayamba kugwedezekera kumanzere ndi kumanja. Pakatikati pake unkasuntha mpaka mamilimita 70. Kumva chabe, mtunda umenewu ndi waung'ono, koma anthu anayamba kuyenda motangadza miyendo, ena anangoima n'kugwira zitsulo za m'mbali. Pa 12 June mlathowo unatsekedwa, ndipo panapita pafupifupi zaka ziwiri usanatsegulidwenso.

Mlathowo sunali wofooka. Kulemera kwa anthu onsewo unkakusenza bwinobwino. Ambirife tikamva kuti chinthu n'cholimba timangoganiza za katundu amene chingathe kunyamula chisanathyoke, koma pali funso lina limene mainjiniya ofufuza za kugwedezeka amathera moyo wawo wonse akulifunsa: chinthuchi chikamakankhidwa mobwerezabwereza, ngakhale ndi kamphamvu kochepa, chimatani?

Yankho limayambira pa mfundo yakuti chinthu chilichonse chotha kupindika n'kubwereranso chili ndi liwiro lakelake logwedezekera. Taganizirani mwana ali pakatungwe. Kutalika kwa zingwe ndi kumene kumalamula kuti apite ndi kubwera mofulumira motani, osati inu womukankha. Mukamukankha nthawi iliyonse imene wayamba kupita kutsogolo, ngakhale ndi dzanja limodzi, amakwera m'mwamba kwambiri, chifukwa kukankha kulikonse kukuwonjezera pa kwapitako. Mukamukankha mosayang'ana nthawi, kwina mukumuthandiza, kwina mukumubweza, sapita patali ngakhale mutatuluka thukuta. Mlatho, nyumba yosanja, phiko la ndege ndi shafiti ya makina (chitsulo chachitali chozungulira) nazonso zili ndi maliwiro awo otere, ndipo amawerengedwa ndi muyezo wa hertz: kupita ndi kubwera kamodzi pa sekondi ndi 1 Hz. Zimene zimalamula liwirolo ndi ziwiri. Chinthu chikakhala cholemera chimagwedezeka pang'onopang'ono, chikakhala chovuta kupinda chimagwedezeka mofulumira. Komanso sikuti liwiro limakhala limodzi lokha. Mlatho umodzi ukhoza kupindikira m'mwamba ndi pansi, kupita m'mbali, kapena kupotokoka, ndipo kachitidwe kalikonse kali ndi liwiro lake.

Mphamvu yochokera kunja ikamabwera pa liwiro lofanana ndi la chinthucho, kugwedezeka kumakula kwambiri. Izi ndi zimene mainjiniya amazitcha resonance. Chitsanzo chowawa ndi chivomerezi chimene chinagwedeza Mexico City pa 19 September 1985. Chinayambira kutali, makilomita oposa 300 kuchokera mumzindawo, koma mbali ina ya mzindawu inamangidwa pa dothi lofewa pamene kale panali nyanja. Dothilo linkagwedezeka kamodzi pa masekondi awiri aliwonse, ndipo nyumba zimene zinawonongeka kwambiri zinali za nsanjika pakati pa 6 ndi 15, zomwe kagwedezekedwe kake kanali kufupi ndi kameneka. Zina zazifupi, ndi zina zazitali kuposa pamenepo, zinapulumuka zili m'dera lomwelo. Kwa ife amene tikukhala m'chigwa cha Rift Valley, momwe nthaka inagwedezekapo ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu December 2009, nkhani ya dothi limene nyumba yosanja yakhalapo si yongomvera kutali.

Pali chinthu chachitatu, ndipo ndi chimene chili pamtima pa nkhani ya ku London. Mukasiya kukankha mwana uja, amayamba kutsika mpaka kuima, chifukwa mpweya ndi kukhulana kwa zingwe zikumulanda mphamvu pang'onopang'ono. Kulandidwa kwa mphamvu kumeneku kumatchedwa damping. Milatho yachitsulo yopyapyala imakhala nako kochepa zedi, nthawi zambiri kosafika 1 peresenti, ndiye ikayamba kugwedezeka imachedwa kuleka. Vuto lake n'lakuti kulemera ndi kulimba mungaziwerengere bwino pakompyuta mlatho usanamangidwe, koma damping imabisala m'malo molumikizira zitsulo, m'mabawuti ndi m'maziko, ndipo kuti muidziwe molondola muyenera kuyeza chinthu chomangidwa kale.

Mainjiniya a Arup sanali osadziwa kuti mapazi a anthu amagwedeza mlatho. Zimenezi zinadziwika kalekale. Pa 12 April 1831 mlatho wa Broughton, kufupi ndi Manchester, unagwa asilikali akuguba pamwamba pake, ndipo kuchokera pamenepo asilikali a ku Britain analamulidwa kuti asamaponde pamodzi powoloka mlatho. Pa Albert Bridge, mu London momwemo, zikwangwani zokumbutsa lamuloli zikadalipo. Koma malamulo a kamangidwe a nthawi imeneyo ankayang'ana kwambiri mphamvu yopondera pansi. Munthu woyenda bwinobwino amaponda pafupifupi kawiri pa sekondi, choncho mainjiniya ankasamala za kudumphadumpha kwa mlatho pafupi ndi 2 Hz. Kumbali imeneyi Millennium Bridge unalibe vuto.

Chimene sichinalembedwe bwino m'malamulomo ndi mphamvu yopita m'mbali. Munthu akamayenda thupi lake limapendekera kumanzere akaponda ndi phazi lamanzere, kenako kumanja. Mapazi awiri ndiwo amapanga ulendo umodzi wopita ndi kubwera, choncho liwiro lake ndi theka la lija, pafupifupi 1 Hz. Mphamvu yake ndi yaing'ono, yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu awiri kapena atatu. Ndipo anthu ambirimbiri akamayenda aliyense mwa iye yekha, wina akukankhira uku wina uko, mphamvuzo zimafafanizana. Umu ndi mmene aliyense ankaganizira.

Mlathowu unamangidwa mwachilendo. Zingwe zake zachitsulo sizikwera m'mwamba pa nsanamira zazitali monga zimakhalira pa milatho ina yolendewera. Zimadutsa m'mbali, pafupifupi mowongoka, ndipo pachigawo chapakati, chotalika mamita 144, zimangotsika mamita 2.3 okha. Anachita dala kuti mlatho usatchinge tchalitchi chija. Chigawo chakumwera, cha mamita 108, chinkagwedezekera m'mbali pa 0.8 Hz. Chapakati chinkagwedezeka pa 0.5 Hz komanso pafupi ndi 1 Hz. Chakumpoto, cha mamita 81, chinali pamwamba pang'ono pa 1 Hz.

Mlatho utatsekedwa panayamba kafukufuku amene ine ndimamuona kuti ndi chitsanzo cha mmene ntchito ya uinjiniya iyenera kuyendera zinthu zikalakwika. Gulu la Arup, momwe munali Tony Fitzpatrick ndi Pat Dallard, linagwira ntchito ndi mayunivesite angapo, kuphatikizapo Cambridge, Southampton ndi Imperial College. Kumeneko anthu ankayendetsedwa pa nsanja zosunthira m'mbali, uku zida zikuyeza mphamvu ya mapazi awo. Koma munthu mmodzi pa nsanja ya m'chipinda si khamu. Choncho mu December 2000 anabweretsa anthu pamlatho weniweniwo, atauika zida zoyezera kusuntha, n'kumawawonjezera m'timagulu akuyenda mozungulira. Pa chigawo chakumpoto, anthu atakwana 156 mlatho unali phee. Atawonjezera 10 okha kufika 166, unayamba kugwedezeka, ndipo kugwedezekako kunakula msanga mpaka anawaimitsa.

Zotsatira zimenezi n'zofunika kuzimvetsa, chifukwa sizifanana ndi resonance wamba. Kukanakhala kungokankha kochokera kunja, anthu 80 akanaugwedeza pang'ono, 160 mokulirapo, ndipo injiniya akanaona vuto likubwera patali. Apa panalibe chenjezo. Panali malire obisika, ndipo kuseri kwake zinthu zinasinthiratu.

Arup anafotokoza motere. Mlatho ukangosuntha pang'ono, munthu woyenda pamwamba pake amasintha kapondedwe kake kuti asagwe, ndipo mosadziwa amaukankhira mbali yomwe ukupita kale. Ukasuntha mofulumira, iyenso amaukankha mwamphamvu. Ndiye kuti munthu aliyense akuchita zosiyana ndi zimene damping imachita: m'malo molanda mphamvu, akuiwonjezera. Wina aliyense wokwera pamlatho akuchotsako kachigawo kakang'ono ka mphamvu imene mlathowo uli nayo yodziletsera. Anthu akakhala ochepa, yotsalayo imakwanira ndipo simumva kanthu. Akafika pa chiwerengero chimene yonse yatha, kagwedezeko kalikonse, ngakhale koyambitsidwa ndi kamphepo, kamakula kokha. Apa sipafunikanso wokankha wochokera kunja wodziwa nthawi. Kusuntha kwa mlatho ndiko kukubala mphamvu youkankha.

Funso lotsala linali lakuti anthu amachita bwanji zimenezi. Pa zithunzi za kanema za tsiku lotsegulira, khamu likuoneka likupendekera kumodzi, onse kumanzere, onse kumanja. N'zosadabwitsa kuti yankho loyamba linali lakuti mlatho unakakamiza anthu kuponda pamodzi ngati asilikali. Mu 2005 katswiri wa masamu Steven Strogatz ndi anzake, mmodzi mwa iwo Allan McRobie wa ku Cambridge, analemba m'magazini ya sayansi ya Nature masamu ofotokoza mmene khamu limagwera m'kapondedwe kamodzi. Maganizo amenewa anafala kwambiri, ndipo mpaka lero ndi amene anthu ambiri amawadziwa.

Koma panali zina zosalowa bwino. Chigawo chapakati chija chinagwedezekanso pa 0.5 Hz, ndipo palibe khamu limene limayenda pang'onopang'ono chomwecho. John Macdonald wa ku yunivesite ya Bristol anayeza mlatho wakale wa Clifton khamu likuwoloka, napeza kuti kugwedezekera m'mbali kunakula popanda chizindikiro chakuti anthu akuponda pamodzi. Mu 2009 anasonyeza ndi masamu kuti munthu safunika kusintha nthawi yopondera. Kungosintha malo oika phazi, kulitaya panja pang'ono kapena kulikokera mkati pofuna kuti asapendame, n'kokwanira kupatsa mlatho mphamvu. Mu 2021 gulu lotsogozedwa ndi Igor Belykh, momwe munalinso Macdonald ndi McRobie yemwe uja, linafalitsa kafukufuku wotsimikizira kuti kugwedezeka kukhoza kuyamba anthu akuyenda aliyense mwa iye yekha, ndipo kuponda pamodzi kumabwera pambuyo mlatho utayamba kale kuvina. Kusiyana kumeneku si kwa m'kalasi chabe. Injiniya wokhulupirira kuti vuto ndi kuponda pamodzi akhoza kuganiza kuti mlatho wake ndi wotetezeka bola liwiro lake litalikirane ndi 1 Hz, pamene zoona zake n'zakuti mlatho wopepuka wogwedezekera m'mbali pang'onopang'ono uli ndi chiwerengero chake cha anthu chimene sungapirire.

Chimene chimandipweteka m'nkhaniyi n'chakuti sikanali koyamba. Mu 1975 mlatho waukulu wa Auckland Harbour ku New Zealand, wa magalimoto, unagwedezekera m'mbali pamene khamu la anthu a mtundu wa Maori linkawoloka pa ulendo wodandaula za malo awo. Ku Japan, Yozo Fujino ndi anzake analemba mu 1993 za mlatho wa oyenda pansi wa ku Toda umene unkachita zomwezi khamu likamatuluka ku mpikisano wa mabwato. Ku Paris, mlatho wa Solférino unatsekedwa utangotsegulidwa mu December 1999, miyezi 6 yokha za ku London zisanachitike. Chidziwitso chinalipo, koma chomwazika, china chili m'mapepala owerengedwa ndi ochepa, ndipo chinali chisanalowe m'malamulo amene injiniya amatsegula tsiku ndi tsiku. Ubwino wa Arup ndi wakuti sanabise zimene anapeza. Anazifalitsa mwatsatanetsatane, ndipo malamulo okonzera milatho ya oyenda pansi anasintha.

Pokonza mlathowo panali njira ziwiri. Yoyamba inali kuulimbitsa kuti liwiro lake likwere kupitirira pamene mapazi a anthu angafike. Masamu ake ndi ankhanza. Kuti liwiro likwere katatu, kuchoka pa 0.5 Hz kufika 1.5 Hz, kulimba kuyenera kukwera ka 9, ndipo zitsulo zimene mukuwonjezerazo nazonso n'zolemera, ndiye zikutsitsanso liwiro lomwelo. Mlatho ukanasanduka chinthu china. Anasankha njira yachiwiri, yowonjezera damping. Anaika zida 37 zokhala ndi pisitoni yoyenda m'madzi olimba, za mtundu umodzi ndi ma shock absorber a galimoto, zimene zimasandutsa kusuntha kukhala kutentha. Anaikanso zida 52 zotchedwa tuned mass damper, makamaka zoletsa kudumphira m'mwamba ndi pansi. Chida chotere ndi chitsulo cholemera chokhala pa masipuling'i, chokonzedwa kuti liwiro lake lifanane ndi la mlatho. Mlatho ukayamba kusuntha, chitsulocho chimatenga mphamvuyo n'kumagwedezeka chokha motsalira m'mbuyo, n'kumaukoka mlathowo mobweza. Chodziwika kwambiri cha mtundu umenewu chili m'nyumba ya Taipei 101 ku Taiwan, yotalika mamita 508: mpira wachitsulo wolemera matani 660 wolendewera chakumtunda kwa nyumbayo, umene pa mphepo ya mkuntho ya Soudelor mu August 2015 unasuntha mita yathunthu. Ku London ntchito yokonzayi inadya mapaundi 5 miliyoni, pamwamba pa 18 miliyoni yomangira. Atayesa ndi anthu 2,000 n'kuona kuti suchitanso kanthu, anautsegula pa 22 February 2002.

Amene anaphunzira sayansi kusukulu mwina akukumbukira mlatho wa Tacoma Narrows ku America, umene unatsegulidwa pa 1 July 1940 n'kugwa pa 7 November chaka chomwecho, mphepo ikuwomba pa liwiro la makilomita osapitirira 70 pa ola. Mabuku ambiri amati inali resonance, ngati kuti mphepo inkawomba modukizadukiza pa liwiro la mlathowo. Mu 1991 mainjiniya Yusuf Billah ndi Robert Scanlan analemba motsutsa zimenezi, ndipo iwo ndi amene akulondola. Mphepo inkawomba mosadukiza. M'mbali mwa msewu wa mlathowo munali zitsulo zafulati zosabooka, zotalika mamita 2.4, ndipo msewuwo ukapotokoka pang'ono, kayendedwe ka mphepo pamwamba ndi pansi pake kankasintha m'njira youkankhira mbali yomwe ukupotokokera. Ndi banja limodzi ndi za ku London, kungoti m'malo mwa mapazi panali mphepo, ndipo m'malo mwa chiwerengero cha anthu panali liwiro la mphepo limene likadutsidwa palibenso chobweza. N'chifukwa chake masiku ano palibe mlatho wautali wolendewera umene umamangidwa kachifanizo kake kasanayesedwe m'chipinda chopemerera mphepo.

Ku makina ozungulira nkhani ndi yomweyi, ndipo kumeneko ndi kumene imatikhudza tsiku lililonse. Lowani m'chigayo. Mkati mwake muli shafiti yonyamula tizitsulo tomenya chimanga, ndipo tiyerekeze kuti ikuzungulira maulendo 3,000 pa mphindi. Mbali imodzi ikalemerako ndi magalamu 100 okha, pa mtunda wa masentimita 20 kuchokera pakati pa shafiti, mphamvu yokokera kunja imafika pa kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 200, ndipo imazungulira maulendo 50 pa sekondi. Ndi imene mumaimva m'mapazi mutaima pa simenti mukudikira ufa. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Ndiyo imene imadya ma bearing (zitsulo zogwiriziza shafiti ikamazungulira), kumasula mabawuti ndi kung'amba konkire ya maziko, mwini chigayo n'kumadandaula kuti zipangizo za masiku ano sizilimba.

Shafiti nayonso imapindika, ndipo ili ndi liwiro lake logwedezekera. Kuzungulira kukafanana nalo, shafiti imakhota n'kumazungulira mokhotamo. Mu 1869 injiniya William Rankine anaganiza kuti makina sangathe kuthamanga kupitirira malire amenewa. Gustaf de Laval wa ku Sweden anasonyeza m'zaka za m'ma 1880 kuti n'zotheka: makina ake oyendera nthunzi anali ndi shafiti yopyapyala dala, imene inkadutsa liwiro loopsalo msanga n'kukakhazikika bwino pamwamba pake. Henry Jeffcott anafotokoza masamu ake mu 1919. Mpaka lero makina akuluakulu ambiri amayenda pamwamba pa liwiro loopsali, ndipo lamulo kwa owayendetsa ndi lakuti poyatsa ndi pozimitsa asachedwe pamenepo.

Kugwedezeka kosatha kumatopetsa chitsulo. Kamng'alu kosaoneka ndi maso kamayamba, n'kumakula pang'ono pa kugwedezeka kulikonse, mpaka tsiku lina chitsulo chimaduka ndi katundu amene chinkanyamula zaka zonse. Pa 17 August 2009, pa malo opangira magetsi a Sayano-Shushenskaya pamtsinje wa Yenisei ku Russia, makina achiwiri mwa 10 anazuka m'malo mwake, madzi anasefukira m'nyumba yonse ndipo anthu 75 anafa. Makinawo anali akugwedezeka mopitirira muyezo kwa nthawi yaitali. Pa mabawuti 49 a chivundikiro chake amene anapezeka n'kupimidwa, 41 anali ndi ming'alu ya kutopa. Zida zoyezera zinalipo ndipo zinkaonetsa manambala okwera, koma makinawo sanazimitsidwe.

Kuyeza kumeneku ndi gawo la kafukufuku limene lapita patsogolo kwambiri, ndipo mtengo wake watsika. Kachida koyezera kugwedezeka, ka mtundu womwe uli m'foni zamakono, kamamatidwa pafupi ndi bearing, ndipo kompyuta imagawa phokoso losokonezekalo m'maliwiro ake osiyanasiyana. Vuto lililonse lili ndi posonyezera pake. Kulemera mbali imodzi kumaonekera pa liwiro lenileni la shafiti. Mota ndi makina zikakhala kuti sizinalunjikane bwino, kawirikawiri zimaonekera pa liwiro lowirikiza kawiri. Bearing yoyamba kukumbika imatulutsa timaphokoso tapamwamba kwambiri, milungu kapena miyezi khutu la munthu lisanamve kanthu. Pa milatho ndi nyumba zosanja amachitanso chimodzimodzi: liwiro logwedezekera likayamba kutsika chaka ndi chaka, ndiye kuti penapake pafooka. M'dziko limene magetsi ake ambiri amachokera ku makina ozungulira a pamtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, luso lowerenga manambala amenewa ndi loyenera kuphunzitsidwa mozama, ndipo woliphunzira apatsidwe mphamvu yozimitsa makina akaona zoopsa.

Kwa mwini chigayo amene alibe zida zoterezi, zambiri zimatheka ndi sikelo wamba. Tizitsulo tomenya chimanga tikatha, asasinthe kamodzi kokha n'kusiya tinzake takale. Asinthe kapena kutembenuza tonse pamodzi, ndipo ayeze kuti magulu oyang'anizana pa shafiti akulemera mofanana asanatseke chivundikiro. Mabawuti a pamaziko akamamasuka sabata iliyonse, kuwamanga mwamphamvu sikuthetsa kanthu. Ayambe wafufuza chimene chikuwamasula.